Loko wa pa Sitolo ya Malemu Sufiyani

Ntchito yanga ndi kukonza makina osokera. Ndinabadwira ku Limbe, kuseri kwa masitolo, koma ku Limbe sindikhalitsa. Ndikagona malo amodzi sabata yathunthu, mapazi amayabwa. Ndimanyamula kachikwama ka zitsulo, botolo la oyilo, singano ndi malamba. Basi ikapezeka, ndakwera. Ikasowa, lole ya thonje.

Nthawi imeneyo amwenye anali atachotsedwa kale kumidzi. Boma linati akachitire malonda m'tauni, masitolo a kumudzi atenge eni dziko. Ena anatengadi masitolo. Ambiri anangotenga makoma.

Tsiku lina m'mawa ndinali pa Ulongwe. Atelala awiri, makina onse abwinobwino, ntchito palibe. Ndinaima m'mbali mwa msewu. Kunatulukira Landirova ya boma, yotuwa ndi fumbi. Ndinakweza dzanja.

"Mukulowera kuti, achimwene?" anafunsa bambo wa tayi amene anakhala pambali pa dalaivala.

"Kulikonse kumene kuli telala."

"Ife wa ku Ntaja. Khadi muli nalo?"

Ndinaonetsa khadi la chipani. Ndinakwera kumbuyo, pakati pa matayala ndi mitolo ya mapepala.

Wa tayiyo anali a Lucius Makwinja, kalaliki wa kalembera. Munthu wowonda, maso ofiira ndi fumbi. Anali atayenda boma lonse la Machinga, ndipo zinkaoneka kuti anatopa kuyankhula ndi dalaivala yekha.

"Tikuwerenga mabizinesi," anatero. "Otsegula, otseka, atsopano. Ndiponso anthu amene alembedwa ntchito."

"Mukawerenga?"

"Timatumiza. Akuluakulu amaphatikiza. Inu mumadzamva pa wailesi."

"Telala mumamuwerenga?"

"Ali ndi chitseko?"

"Ali ndi khonde."

"Ndiye iyayi. Ife timawerenga zitseko. Tsiku limene ndafika ndi lomwelo. Ndikapeza chitseko chotsegula, ndilemba yotsegula, ngakhale mkatimo muli sopo mmodzi. Pa Ulongwe pomwe paja ndalemba sitolo ya makatoni opanda kanthu, mwini wake ali mtulo pa kauntala. Yotsegula."

"Nanga sitolo ikasintha mwini?"

"Imalowa kawiri. Yotseka imodzi, yatsopano imodzi. A wailesi amakonda mzere wachiwiriwo."

Anaseka pang'ono, kenaka anayamba kutsokomola. Tinawoloka Shire pa Liwonde. Kuchokera apo, mabampu okhaokha.

Pa Ntaja tinafika dzuwa litakwera. Mlendo wa boma sankayenda yekha masiku amenewo. Anatilandira a Wadson, tcheyamani wa ayufi, munthu wa mimba ndi nsapato zonyezimira. Anawatenga a Lucius kukayamba kumunsi kwa msika. Ine ndinalunjika kwa Che Usumani.

Che Usumani anali telala wamkulu pa Ntaja. Kofia yoyera, ndevu za imvi, tepi m'khosi. Khonde lawo analikhala kuyambira nthawi ya mmwenye. Kachitidwe kake kanali kodziwika. Mayi alowa m'sitolo, agula nsalu, atuluka, telala amuyeza pomwepo. Sitolo idyetsa telala, telala adyetsa sitolo. Mmwenye atachoka, sitoloyo anaitenga Che Sufiyani, ndipo khonde anawasiyira eni ake. Inali sitolo yokhayo ya nsalu imene inatsala pamsikapo.

Tsikulo chitseko chinali chotseka. Loko wamkulu, wakuda. Che Usumani ankasoka chigamba pa kabudula wa sukulu.

"Amisiri a ku Limbe. Simunafebe m'malolemu?"

"Ndikudikira muyambe inu. Sitolo bwanji?"

"Che Sufiyani anatisiya."

Ndinavula chipewa. Ndinakhala pa benchi.

"Mwezi watha," anatero. "Chifuwa. Ndinawasambitsa ndine."

"Pepani. Ndiye sitolo yatha?"

"Iyayi, sinathe. Ikudikira arubaini."

Ine wa m'tauni, ndinafunsa. Anandifotokozera mofatsa, phazi lili pa chopondera. Kwawoko katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka sadaka ya masiku makumi anayi itachitika. Abale asonkhane, shehe apemphere, anthu adye. Ndiye loko atsegulidwe, aliyense akuona. Sadakayo inali sabata yamawa. Ikatha, mayi Rukiya, mkazi wa malemu, adzaika mlongo wawo pa kauntala, malonda apitirire.

"Kiyi ndinkasunga ine," anatero. "Makinawa ankagona mkatimo. Tsiku la maliro ndinawatulutsa, ndinakhoma, kiyi ndinaipereka kwa Che Chande, akulu awo a malemu, anthu akuona. Anapita nayo kwawo ku Ngokwe."

"Panopa mukudya chiyani?"

"Zigamba. Sabata imodzi siipha munthu. Taonani makinawa, akudumpha ulusi."

Ndinatsegula pansi. Fumbi la thonje, bobini yokhota.

"Akalamba ngati eni ake."

"Eni ake sadumpha ulusi."

Ndinali ndikuthira oyilo pamene a Lucius ndi a Wadson anakwera masitepe. A Lucius anayang'ana loko. Anatulutsa cholembera.

"Yatseka iyi?"

Che Usumani anaimirira. "Iyayi, bwana. Sinatseke. Ili pa maliro."

"Papepala langa palibe malo a maliro, bambo. Pali yotsegula, yotseka, yatsopano."

"Yatseka, bwana," anatero a Wadson. "Mwezi wonse. Nyumba yabwino ngati iyi, pakati pa msika, kumangosunga makoswe. Boma silinachotsere amwenye zimenezi. Lamulo mukulidziwa. Sitolo ya mmwenye ikapezeka yotseka pa kalembera, ku boma amapatsa wina amene angaitsegule."

"Zimenezo si zanga," anatero a Lucius. "Ine ndimangowerenga."

Koma sanalembe. Anayang'ana Che Usumani, anayang'ana ine.

"Kope la pepalali limatsala ku boma?" ndinafunsa.

"Limatsala."

A Wadson anatsika kukalankhula ndi wina wa njinga. Che Usumani anatsitsa mawu.

"A Wadsonwo akuifuna okha, bwana. Anayamba kuifuna malemu ali moyo. Akufuna kutsegula bala."

"Inu akuchotsani?"

"Sangafunike kundichotsa. Ine Msilamu, ndisokere pakhonde la mowa? Mayi wake uti adzabwera kudzayezedwa pakati pa zidakwa?"

A Lucius anapukuta nkhope ndi mpango.

"Tamverani. Ndikumaliza mbali ya kumzikiti, ndikudya, ndibweranso. Dzuwa likapendeka tikunyamuka. Ndikapeza chitseko chotsegula, ngakhale pongokwana mutu wanga, ndilemba yotsegula. Sindidzafunsa kuti watsegula ndani."

Anapita.

Ku Ngokwe ndi kutali. Wa njinga sakanapita ndi kubwerako tsiku lomwelo, ngakhale atakhala wa miyendo yachitsulo. Ndinapita pa chitseko. Ndinayang'ana kachitsulo kokolekapo loko. Kanamangidwa ndi masikuluwu, mitu yake ili kunja. Ntchito ya mmisiri waulesi.

"Che Usumani, kiyi sikufunika. Ndimasula apa. Loko atsala wokhoma mmene alili. Akalemba, ndibwezera. Palibe chotuluka, palibe cholowa."

Anavula tepi m'khosi, anaipinda, anaivalanso.

"Tiyeni tikafunse eni ake."

Nyumba ya malemu inali kuseri kwa sitolo. Mayi Rukiya anali pa eda, nthawi imene mkazi wamasiye satuluka ndipo saonana ndi amuna akunja. Tinakhala pamkeka panja. Iwo anali kuseri kwa nsalu yotchinga pakhomo. Tinkangoona zala za kumapazi.

Che Usumani anapereka salamu. Anafotokoza m'Chiyao, kenaka m'Chichewa kuti nanenso ndimve. Nsalu sinagwedezeke.

"Akalemba yotseka, ndiye kuti yapita?" anafunsa mayiwo.

"Yapita, amayi."

"Ana awa adya chiyani?"

Mayiwo anapitiriza.

"Nanga mukatsegula, Che Chande akamva? Adzati ndatulutsa nsalu ine. Adzati tinapangana ndi telala. Mukuwadziwa alamu anga. Anawerenga ndi mabatani omwe."

"Ndikuwadziwa."

"Ine ndili m'nyumba, Che Usumani. Sindiona za kunja. Bambo a anawa ankakhulupirira inu kuposa abale awo. Chimene muchite, ndicho chomwecho."

Tinabwerera pakhonde.

"Ndiyambe?" ndinafunsa.

Anagwedeza mutu pang'ono. Ndinati avomera.

Ndinatulutsa sikuludiraiva. Masikuluwu anali atamatidwa ndi penti wakale. Ndinapala. Yoyamba inakana, kenaka inalira, inatembenuka. Ndinaiika m'thumba la malaya. Ndinagwira yachiwiri.

Nthawi yake inali yoipa. Swala ya masana inali itangotha. Amuna ankatuluka mumzikiti, kudutsa pamsika. Mmodzi anaima. Wina anaima. Amayi a tomato anasiya kuitana malonda. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoima m'munsi mwa masitepe, kuyang'ana dzanja langa. Ku Limbe anthu akaunjikana amachita phokoso. Awa iyayi.

Mkulu wina wa kanzu yotuwa anayankhula. Sanayang'ane ine.

"Che Usumani, akutenda chichi?"

Chiyao changa n'chochepa, koma ichi ndinamva. Ankafunsa kuti akuchita chiyani.

Yachiwiri inali itatuluka theka. Ndinamva dzanja pamkono panga. Louma, lamphamvu.

"Bwezerani."

"Zatsala pang'ono."

"Bwezerani, amisiri."

"Auzeni anthuwa. Afotokozereni. Ndi kanthawi kochepa. Palibe akuba."

"Ine ndikudziwa. Inu mukudziwa. Awa mawa sadzakumbukira za kalembera. Adzakumbukira kuti Usumani anamasula loko wa malemu manda asanaume."

"Ndiye mutaya khonde."

"Telala amadya chiyani? Mayi amandisiyira nsalu ya ukwati, n'kupita kwawo, osalemba paliponse. Munthu wotsegula zitseko za akufa angamusiyire ndani nsalu?"

"Bala ikabwera, nsaluyo adzakusiyirani pati?"

Anayang'ana loko.

"Ndinamusambitsa ndine. Kiyi ndinapereka ndi dzanja ili. Bwezerani."

Ndinapsa mtima. Ndinafuna kuwauza kuti wakufa sagula nsalu. Ndinameza. Ndinabwezera yachiwiri. Ndinatulutsa yoyamba m'thumba, ndinaimanga. Ndinamanga zolimba kuposa mmene ndinazipezera. Anthu anayamba kumwazikana. Mkulu wa kanzu uja anakwera masitepe, anawagwira chanza Che Usumani, anapita.

Dzuwa linapendeka. A Lucius anabwera, a Wadson ali pambuyo akutokosa mano. A Lucius anayang'ana chitseko. Anayang'ana penti wopalika pa kachitsulo. Anamvetsa.

"Sizinatheke?"

"Sizinatheke, bwana."

Anayandikira ngati akuyang'ana makina. Anayankhula chapansipansi.

"Ndikanakhala ndekha, bambo. Koma mukuona amene ndili naye. Ndikalemba zimene maso ake sanaone, mawa ndikagona kwina."

"Lembani zimene mwaona."

Analemba. Kachizindikiro kamodzi, kakang'ono ngati nyerere.

"Nanga ine mundilemba pati?" anafunsa Che Usumani. "Ndikugwira ntchito pano. Onani."

"Inu mulibe chitseko, bambo."

A Wadson anaponda simenti ya khonde ndi chidendene, ngati munthu woyesa mphamvu yake.

"Ambuje, musade nkhawa. Ife sitithamangitsa akuluakulu."

Che Usumani anakhala pansi. Anaika kabudula uja pansi pa singano. Makina sanadumphenso ulusi. Ntchito yanga inali itatha. Ndinakwera Landirova yomweyo mpaka pa Liwonde. Pamlatho wa Shire a Lucius anati, "Ndi nambala chabe," osayang'ana aliyense.

Ndinayenda. Mangochi, Namwera, Thyolo, Luchenza. Mvula inagwa, inasiya. Pa Ntaja ndinabwereranso nthawi yogula thonje.

Sitolo ija inali ndi penti wobiriwira. Chitseko chotsegula mbali zonse. Gumbagumba akulira dzuwa lili pamutu. Atsikana awiri mkati, mlonda akuwodzera pa kireti. Pakhonde mabenchi. Pakona pamene pankakhala makina panatsala timaenje pa simenti, pamene miyendo yachitsulo inadya zaka zonse zija.

A Wadson anandizindikira.

"Amisiri. Lowani, imodzi yozizira."

"Che Usumani ali kuti?"

"Ine sindinawathamangitse. Funsani aliyense. Ndinati ambuje khalani, lendi sindikufuna. Anamanga makina panjinga tsiku limene makireti anafika."

"Amayi aja?"

"Kalata ya ku boma inabwera sadaka itangotha. Abale anatsegula, anagawana nsalu. Mayiwo anadikira eda yawo ithe, anapita kwawo ndi ana. Zonse mwamtendere. Ndalemba ntchito anthu atatu pano, amisiri. Malemu analemba angati?"

Sindinamwe. Ndinafunsa kumsika. Ena anati ali pa Liwonde. Pa Liwonde anati anasokera pansi pa mtengo wa mango mpaka mvula itayamba, kenaka anapita ku Ulongwe. Pa Ulongwe atelala awiri aja anati anabwera, anamwa madzi, anaona okha kuti khonde lililonse lili ndi mwini wake. Sindinawasake. Njira yanga inkangodutsa mmene iwo anadutsa.

Ndinawapeza chaka chinacho, pa Balaka, pafupi ndi siteshoni ya sitima. M'tiyirumu. Anakhala pakona, kapu ya tiyi wopanda mkaka patsogolo. Pansi, pakati pa miyendo, thumba la chiguduli. Kofia inali yomweyo. Tepi panalibe.

"Amisiri a ku Limbe."

"Che Usumani. Makina ali kuti?"

Anagunda thumba ndi phazi. "Mutu uli umu. Miyendo ndinasiya pa Ulongwe. Inkalemera."

"Pa Balaka pano palibe khonde?"

"Makonde alipo. Masitolo ake akugulitsa mchere ndi machesi. Munthu sagula mchere n'kufuna telala. Kumene kuli nsalu, pakhonde pali kale mphwake wa mwini sitolo."

Ndinaitanitsa tiyi ndi masikono awiri. Imodzi ndinawakankhira. Anaiyang'ana kaye, kenaka anainyema.

Pa shelefu panali wailesi. Inali nthawi ya nkhani za masana. Wowerenga anati kalembera waonetsa kuti malonda akupita patsogolo m'dziko muno. Anatchula maboma. Anafika pa Machinga. Mabizinesi atsopano ochuluka kuposa chaka chatha, ntchito zatsopano mazanamazana, makamaka m'misika ya kumidzi. Za otseka sanatchule. Mwini tiyirumu anakweza wailesi, chifukwa panali ayufi awiri pakhomo.

Che Usumani anasiya kutafuna.

"Ya Wadson ilimo mmenemo?"

"Ilimo."

"Atsikana aja?"

"Alimo. Ndi mlonda yemwe."

"Ya malemu?"

"Ili mumzere wina. Umene sawerenga."

"Ine?"

"Inu simunatseke. Simunatsegulepo."

Anagwedeza mutu. Anayang'ana ayufi aja.

"Ndiye kuti zikuyenda," anatero mokweza pang'ono.

Anamaliza tiyi. Ndinafuna kufunsa ngati amaganizako za masikuluwu aja. Anandiyankha ndisanafunse.

"Pa Ntaja amandilemekeza kwambiri. Ndikadutsa, amaimirira. Shehe ananditchula mumzikiti pa Ijuma." Anapukuta nyenyeswa pa ndevu. "Nsalu amakasoketsa ku Liwonde."

Anawerama, anamasula thumba. Anatulutsa mutu wa makina, anauika patebulo. Maluwa agolide a m'mbali anali atafufutika pamene dzanja limagwira.

"Akudumphanso?" ndinafunsa.

"Iyayi. Munakonza bwino. Ndikufuna muthire oyilo. Wambiri. Paliponse pamene pangachite dzimbiri."

"Mwapeza malo?"

"Ndikupita kwa akazi anga, ku Ngokwe. Kuli kamunda ka thonje. Awa akagona padenga."

"Mpaka liti?"

"Thirani, amisiri."

Ndinachotsa singano. Ndinamasula bobini, ndinaikulunga m'kansanza. Ndinathira oyilo m'mabowo onse, ndinazunguza gudumu kuti alowe. Linazungulira mosalala, lopanda phokoso. Makina abwino. Akanasokabe zaka zambiri. Mwini tiyirumu anadandaula za tebulo lake. Ndinathirabe mpaka botolo linatha.

Che Usumani anaukulunga mutuwo m'chitenje chakale, anaubwezera m'thumba, anamanga kukamwa ndi luzi. Ndinawathandiza kusenza paphewa. Anatuluka, kulowera kumene amaima malole a ku Liwonde. Oyilo anayamba kudontha pansi pa thumba, kudetsa kanzu kumsana. Sanatembenuke.

Sitima ya ku Salima inalira. Sindinali ndi ntchito ku Salima. Ndinakwera.